Funsani Malume: Bwanji anthu a mu nkhani yanga sakuyankhula ngati anthu?

Makalata abwera ambiri mwezi uno, ena mudikire kaye. Ndatola okhawo ofunsa za mchezo, mmene ampangankhani amayankhulirana mu nkhani zopeka, poti zikuoneka kuti ambiri mwa inu apa mpamene pakukupwetekani mutu.

FUNSO: Malume, ndine mtsikana wa ku Chibavi, ndinalemba MSCE chaka chatha nde panopa ndikungokhala pakhomo, ndayamba kulemba tinkhani tatifupi. Ndinampatsa mnzanga kuti awerenge nde akuti nkhaniyo ili bho koma anthu ako onse akuyankhula ngati akuwerenga nkhani pa MBC. Zinandiwawa heve koma nditawerenganso ndaona ngati akunena zoona. Pena pake mkazi wapita kwa mlamu wake kukabwereka ndalama nde akuti, "Alamu, ndabwera kudzabwereka ndalama zokwana K30,000 chifukwa mwamuna wanga, amene ndi mchimwene wanu, anachotsedwa ntchito miyezi itatu yapitayo ndipo ana athu awiri athamangitsidwa kusukulu." Ndalakwitsa pati? Chichewa chaketu nchabwinobwino.

YANKHO: Mwana wanga, mnzakoyo umugulire Fanta ndi bwino, anzathu ambiri amangoti "zili bwino" asanawerenge nkomwe. Chichewa chako chilibe vuto, aphunzitsi akanakuchonga. Vuto ndi loti mayi ameneyu sakuyankhula ndi mlamu wake, akuyankhula ndi ine wowerenga. Mlamuyo angaiwale kuti mwamunayo ndi mchimwene wake? Sakudziwa kuti anawo alipo awiri? Unkafuna kuti ine ndidziwe zimenezi nde wazilowetsa mkamwa mwa munthu amene sakanazinena, ndipo wowerenga amazindikira msanga olo asakudziwa kufotokoza chimene chalakwika.

Chachiwiri, ndipo ichi nde chachikulu, tandiuza, unaonapo kuti Mmalawi wopita kukabwereka ndalama kwa mlamu wake nkungofikira kutchula ndalamazo pakhomo pomwe? Ife timazungulira. Manyazi alipo, ulemu ulipo, mantha oti akanidwa aliponso, nde munthu amayamba ndi za mvula, za chimanga kudula, za matenda a kumudzi, ndipo nthawi zambiri amene akupemphedwayo ndi amene amayamba kuitchula nkhaniyo kuti aikane isanafike. Taona chonchi:

"Odi kuno!"

"Eee lowani. Aaa alamu, ndinu? Mvula yonseyi?"

"Ndimangodutsa, ndati ndikuoneni."

"Kudutsa kupita kuti, kuno nkothera msewu?"

Mayiyo anaseka pang'ono nkukhala chakumapeto kwa mpando, chitenje chikudontha madzi.

"Ana ali bwanji?"

"Alipo. Ali kunyumba."

"Lachiwiri ngati lero ali kunyumba?"

"Eee, akuthandiza bambo awo kumata denga."

Mlamuyo anayang'ana foni yake nkuitembenuza chafufumimba patebulo.

"Ifetu mwezi uno sitinalandire."

"Ayi alamu, ine sindinanene kanthu."

"Ndikudziwa. Ndimangonena."

Waona? Palibe watchula ndalama, palibe watchula fizi, palibe wanena kuti bambowo ntchito inatha, koma zonse wazimva, bambo ali pakhomo Lachiwiri masana, ana sanapite kusukulu, denga likudontha. Ndipo wadziwanso chinthu china chimene chiganizo chako chija sichikanatiuza, kuti aka sikoyamba mayiyu kubwera, mlamuyo watopa nazo koma sangamuthamangitse poti ndi mkazi wa mchimwene wake. Usanalembe mchezo uliwonse dzifunse kuti uyu akufuna chani kwa mnzakeyu, nanga nchifukwa chani sangachinene mwachindunji. Ukapeza mayankho awiriwo mawu amabwera okha. Ukapeza kuti palibe chimene akufuna, angokumana kuti akuthandize kufotokoza mbiri ya banja, chotsa mchezowo ulembe wekha ngati wofotokoza nkhani, mizere iwiri yakwana.

Zomwezinso ndi uthenga wa maliro. Mu tinkhani tambiri timene ndimalandira munthu amaimba foni nkuti "amayi ako amwalira." Zimachitika inde, koma wamkulu woganiza amati "matenda akula kuno, unyamuke lero lomwe usadikire mawa," ndipo amene akuuzidwayo amadziwa, safunsa, amangoti "chabwino ndamva" manja akunjenjemera. Pamenepo mpamene wowerenga amagwetsa misozi, osati pa "mayo ine mayo" wa tsamba lonse.

Kenako uyang'ane mmene anthu ako akuitanirana, poti ife ubale wonse umaonekera pamenepo. Mkazi amene masiku onse amati "bambo a Chikondi, madzi ali kubafa" tsiku lina akangoti "iwe, unagona kuti?" sufunikanso kutiuza kuti wakwiya. Mayi akamuuza mwana wake wa zaka 10 kuti "bwerani kuno bwana, mutiuze kumene munali," mwanayo amadziwa kuti lero kuli chibalo. Mkamwini pamaso pa apongozi ake mawu amachepa, amayankha mwachidule maso ali pansi, koma munthu yemweyo madzulo ali pa bawo ndi anzake pakamwa sipatsekeka. Munthu mmodzi ali ndi mayankhulidwe angapo kutengera amene ali naye, nde iwe wawapatsa onse liwu limodzi, lako lomwe unkalembera chimangirizo ku Fomu 4.

Tayesa ichi, phimba maina onse ndi chala, uwerenge mokweza mawu okhaokhawo pamaso pa mnzako uja. Akalephera kudziwa kuti apa akuyankhula ndi agogo apa ndi kondakitala wa minibasi, bwerera ukakonze.

FUNSO: Ndine mphunzitsi wopuma, ndimakhala cha ku Luwinga. Ndikulemba buku la m'Chichewa lonena za banja la mphunzitsi amene anabwezedwa kuno kumpoto kuchokera ku Thyolo mu 1989. Vuto langa ndi loti anthu ambiri mu nkhaniyi kwenikweni akanayankhula Chitumbuka, ena Chitonga. Ndikalemba zonse m'Chichewa zikumveka zabodza, ndikaika Chitumbuka chambiri owerenga a ku Lilongwe ndi ku Blantyre atayika. Ndipange bwanji?

YANKHO: Aphunzitsi, choyamba bukulo mulimalize chonde, nkhani ya 1989 ija pamene boma linalamula kuti aphunzitsi abwerere kukaphunzitsa m'zigawo za kwawo inasokoneza mabanja ambiri, ena akazi a kummwera amuna a kumpoto, ana obadwira kumeneko osadziwa olo moni wa kwa agogo awo, ndipo achinyamata a lero ambiri saidziwa.

Za chiyankhulozo musadandaule kwambiri. Wowerenga amavomera msanga kuti anthu akuyankhula Chitumbuka olo inu mukulemba m'Chichewa, bola mumuuze kamodzi ndipo mumukumbutse mwa apo ndi apo. Moni asiyeni mmene alili, "monire adada", "mwawuka uli", "yewo chomene", palibe Mmalawi angatayike pamenepo. Maitanidwe asiyeninso, mayi akhale NyaGondwe kapena NyaMhango, musamusandutse Nagondwe. Timawu ngati "mbwenu", "yayi", "enya" tiponyeni pamene mtima wa munthu wakwera. Zina zonse lembani Chichewa chosalala. Mukaika chiganizo chathunthu cha Chitumbuka, yankho la winayo likhale lotiuza tanthauzo lake, osati inu kuima pakati pa mkangano nkuyamba kumasulira ngati tili kukhoti.

Koma chimene ndikufuna muganizire kwambiri ndi nthawi imene munthu akusintha chiyankhulo, poti kuno ku Mzuzu ndi mmene timakhalira. Munthu ali mu ofesi akuyankhula Chichewa chosakaniza ndi chizungu, mayi ake akangomuitana watembenukira ku Chitumbuka liwu latsika, akafika ku msika wa Taifa akuyesa ka Chiswahili kuti amuchotsereko mtengo. Mu nkhani yanu kusinthako kuli ndi kulemera kwina. Kuyambira 1968 pamene Chichewa chinakhala chiyankhulo cha dziko, Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu mpaka chinadzabwerera pa MBC mu 1994, nde mphunzitsi wanuyu wakhala zaka akuphunzitsa m'Chichewa ku Thyolo, mwina ngakhale kunyumba ndi ana ake. Afike kumudzi, bambo ake amulonjere m'Chitumbuka iye ayankhe bwinobwino, koma mdzukulu angoti "ndili bwino agogo," pakhale kachete. Agogowo afunse funso limodzi lokha, loti mwanayu ndi wa kuti. Simufunika ndime yofotokoza ndale za ziyankhulo, funso limenelo lanyamula zonse.

Musamalenso kuti kumpoto si mtundu umodzi. Mtonga wa ku Nkhata Bay sayankhula ngati Mtumbuka wa ku Rumphi, wa ku Karonga ali ndi Chinkhonde chake, ku Chitipa nde ziyankhulo zilipo zambirimbiri. Chimene simuchidziwa bwino mupeze mwini wake akuwerengereni. Ndipo chonde pewani zija timaziona m'masewero ena, zoti munthu wa mtundu wina akangolowa pabwalo ntchito yake ndi kupotoza Chichewa kuti anthu aseke, kaya ndi Mtumbuka kaya Msena kaya Myao. Anthu amaseka inde koma munthuyo wafa, watsala katchulidwe kokha, ndipo pa tsamba 80 mukadzafuna kuti timumvere chisoni sitidzatha.

Chomaliza, inu mukudziwa kuposa ine mmene anthu ankayankhulira nthawi imeneyo. Referendamu ya 1993 isanachitike munthu sankadandaula za boma mokweza, olo kwa mnzake wa pa ntchito, poti sunkadziwa kuti akakanena kuti. Nde ndikadzaona mphunzitsi wanu ataima pa depoti nkumakuwa kuti "uku ndi kutizunza, boma ili ndi lankhanza" ndidzatseka bukulo. Aphunzitsi awiri ali pamwamba pa lole ndi katundu wawo, akudutsa mu Chikangawa kukuzizira, mwina akanati:

"Akuti kwathu kukusowa aphunzitsi."

"Eee. Nchitukuko chimenecho."

"Nchitukuko ndithu."

Basi nkukhala chete mpaka ku Mzuzu, wina akuyang'ana kwa dalaivala. Amene anakhalako nthawi imeneyo adzamva kuwawa konse mu mawu amenewo. Muonetsetsenso kuti pasapezeke wotchula Mzuni, poti yunivesiteyo inayamba kuphunzitsa mu 1999, kapena wouza mnzake kuti anditumizire pa Mpamba kkkk. Izi zikuoneka zoseketsa koma zimalowa mosadziwa, makamaka timawu ta achinyamata a lero mkamwa mwa mnyamata wa 1989.

FUNSO: Biggy, ine ndimapalasa sacramento, njinga ya kabaza, ndimanyamula anthu kuchoka mtauni kupita ku Zolozolo ndi ku Chiputula. Makasitomala amakamba nkhani zambiri kumbuyoku, ena pa foni ena ndi ine ndemwe, nde ndimafuna ndizijambula mawu awo pa foni mobisa kuti ndikafika kunyumba ndizikopera mu sewero limene ndikulemba. Si nde zikhala zenizeni?

YANKHO: Achimwene, foniyo ibwezeni m'thumba. Kujambula munthu mobisa ndi kumulakwira, ndipo Mzuzu ndi yaing'ono, tsiku lina mayi wina adzamva nkhani ya banja lake mu sewero lanu mawu ndi mawu, mudzasowa pothawira ndi njinga yomweyo.

Komanso olo akanakulolani sizikanakuthandizani. Tamverani bwino mmene anthu amayankhulira zenizeni, "eee, nde, mwaona eti, ujeni uja, aaa ndani paja, eya yemweyo, nde ndimati, halo, halo mukundimva, netiweki," mphindi zisanu zatha asananene kanthu. Mukakopera zimenezo wowerenga agona. Mchezo wa mu sewero ndi mphale yopeta, gaga yense wauluka koma chimanga chake nchomwecho cha m'munda. Moni wathu yekha, mwadzuka bwanji, kaya inu, kunyumba, ana, odwala aja, akhoza kudya theka la tsamba, nde mumangotenga mzere umodzi kapena kungoti analonjerana, pokhapokha ngati mu moni momwemo muli nkhani, monga wina akuyankha mozizira kapena wadumpha dala kufunsa za munthu wina wake.

Chimene muli nacho inu, chimene olemba ambiri okhala m'maofesi alibe, ndi khutu limene lili pamsewu tsiku lonse. Muzimvera kapangidwe kake osati nkhani zake. Mmene munthu amayankhira funso ndi funso linzake. Mmene mayi wokakamira mtengo amayambira kukutchulani "mwana wanga" akafuna muchotseko K200. Mmene anthu awiri okangana samayankhana, aliyense amangopitiriza zake. Mmene woledzera amabwerezera chinthu chimodzi koma ulemu wake utachuluka kuposa wa munthu wabwinobwino. Madzulo lembani timawu tiwiri titatu timene takukhalani m'mutu mu kope, popanda dzina la munthu, pakatha miyezi mudzapeza muli ndi nkhokwe. Poti lanu ndi sewero, mupeze anzanu awiri pa siteji ya njinga pomwepo aliwerenge mokweza, pamene lilime lawo lapunthwa kapena asintha mawu okha osadziwa, lembani mmene anenera iwowo.

FUNSO: Ndatopa ndi kulemba "anatero" "anatero" paliponse. Ndayamba kusinthasintha, anafuula motero, ananong'ona motero, anadzuma motero, anayankha mwaukali. Zili bwino? Komanso kodi ndikololedwa kulemba "nde" kapena "mmafuna" mkati mwa mitengero? Wophunzira, Katoto.

YANKHO: "Anatero" alibe mlandu, diso la wowerenga limangomudumpha ngati mpumiro. Amene amatopetsa ndi enawo, chifukwa mzere uliwonse ukutiuza mmene timvere. Ngati mawuwo ali aukali tiona tokha, ngati sali aukali "mwaukali" wakoyo sawapulumutsa. Anthu akakhala awiri okha ukhoza kusiya osatchula wayankhula kwa mizere inayi isanu, bola aliyense ayambe pa mzere wake. Akakhala atatu kapena kuposa apo nde uzitchula pafupipafupi. Pena m'malo monena mmene wayankhulira tiuze chimene manja ake akuchita, akusenda mbatata, akupukuta magalasi amene ndi oyera kale. Ndipo Chichewa chinatipatsa mwayi wa timawu ngati duu, phee, kukamwa yasa, maso tuzu, kamodzi pa malo oyenera kamagwira ntchito ya ndime yonse, koma ukathira pa mzere uliwonse zikhala nthano ya ana.

Za kalembedwezo, pa mayeso a MANEB tsata malamulo, usakaluze malikisi chifukwa cha ine. Malamulo a kalembedwe amene Chichewa Board inakonza, omwe anaunikidwanso mu 1990, ndi amene sukulu zimatsata, ndipo ntchito yoyang'anira ziyankhulo inapita ku Centre for Language Studies ku Zomba mu 1996. Koma mu nkhani yako yopeka, mkati mwa mitengero mwini mawu ndi mpangankhani. Mnyamata wogulitsa mayunitsi sanganene kuti "ndiye ndimafuna ndikuuzeni," amati "nde mmafuna ndikuuzeni." Mlekeni atero. Ungosamala ziwiri, wofotokoza nkhani yekha alembe Chichewa chokhazikika kuti kusiyana kuoneke, ndipo amene wayamba ndi "nde" pa tsamba loyamba asadzapezeke akuti "kotero kuti" pa tsamba lachitatu popanda chifukwa. Chifukwa chikakhalapo, monga waitanidwa kwa a mfumu kapena akufunsira mbeta kwa malume a mtsikana, apo nde zimakoma kumuona akuvutika kuyankhula Chichewa cha ulemu chimene sanachizolowere.

FUNSO: Malume, mu nkhani yanga muli agogo aakazi anzeru kwambiri amene amalangiza mdzukulu wawo. Kuti anzeru zawo zioneke ndawapatsa miyambi yambiri, pa tsamba limodzi pali isanu ndi umodzi. Mkonzi wina wandibwezera akuti ndichepetse. Koma si mmene akuluakulu amayankhulira? Mayi wa ku Mchengautuwa.

YANKHO: Mayi, mkonziyo wakuchitirani chifundo. Agogo anu enieni, amene munakula nawo, ankaponya miyambi ingati pa tsiku? Ambiri mwa agogo athu amakamba za mtengo wa sopo, za bondo kuwawa kukazizira, za nkhuku ya aneba imene yatha ndiwo m'dimba, amatukwana pang'ono, amaseka anthu, amakondera mdzukulu mmodzi poyera. Mwambi umabwera pa nthawi yake, pa mlandu, pa chinkhoswe, kapena pamene akufuna kukubaya osakutchula dzina. Agogo a miyambi isanu ndi umodzi pa tsamba ndi a m'buku la Sitandade 6, palibe anawaonapo akuyenda.

Ndipo mukamvetsera bwino, akuluakulu nthawi zambiri samaliza mwambi. Mdzukulu amene anakakamira kukwatiwa ndi mnyamata amene onse ankamukana wabwera akulira, agogo akupitiriza kusankha nyemba m'lichero osamuyang'ana, nkungoti "paja walira mvula..." basi, nkumufunsa ngati wadya. Mtsikanayo amalizitsa yekha mumtima, wowerenganso chimodzimodzi, ndipo funso la chakudyalo likutiuza kuti olo amubaya sanamutaye. Penanso mulole agogowo alakwitse, apereke malangizo amene sathandiza, kapena mdzukulu awayankhe kuti "agogo zimenezo nzakale" iwo nkusowa chonena, anthu anzeru nawonso amagonja pa mkangano.

Pa isanu ndi umodziyo siyanipo umodzi, umene ukugwa pamene nkhani yafika pothina, inayo muisunge idzagwira ntchito mu nkhani zina. Mukatero mubwezereni mkonzi uja, ndipo tsamba limenelo munditumizireko ndione mmene agogowo akumvekera akamakamba za bondo lawo.